Mmene Msewu Wathu Unakokera Mimba Chifukwa cha Achoko

Ine ndine wometa, koma ntchito yanga yoyamba m'mawa si kumeta. Ndikangotsegula chitseko changa, ndisanasese n'komwe tsitsi la dzulo, ndimalowa khomo loyandikana nalo kukalowetsa ulusi m'singano za Achoko. Ndimawapeza atakhala kale pa makina awo osokera, tiyi akuzizira pawindo, singano atazibaya pa kapilo mondondozana. Moni sandipatsa. Amangoti, “Mwachedwa, Ameta,” ngakhale nditafika magetsi a mumsewu asanazime.

Dzina lawo lenileni lilipo, lili pa chiphaso, koma mumsewu mwathu palibe amene amalitchula. Choko chimene chimakhala kuseri kwa khutu lawo chinawalanda dzina kalekale. Amapita nacho ngakhale kuchipatala. Ndikamawameta ndimachita kuwapempha kuti achichotse, iwo n'kungochisamutsira ku khutu linalo, ndikafikanso kumeneko n'kuchibweza.

Anabwera mumsewu uno akadali ndi tsitsi lakuda, atathawa ku fakitale yosoka mayunifolomu kumene ntchito yawo inali matumba okhaokha. Amati anasoka matumba ochuluka moti dziko lonse likanatha kupisamo manja nthawi imodzi. Anachita lendi kachipinda kamodzi, n'kuikamo makina, tebulo lodulirapo, simbi ndi katani yoyesera zovala, ndipo zimenezi n'zomwe zilimo mpaka lero. Akazi awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekha asanayambe sukulu. Mwanayo anakulira pansi pa tebulo lodulirapo, akugona pa zidutswa za nsalu, ndipo poti anali wamng'ono wobulungira komanso wosowa kawirikawiri, bambo ake anamutcha Kabatani. Lero ndi mayi wa thupi lake, amagwira ntchito ya makompyuta m'nyumba ina yosanja mbali ina ya mzinda, anthu amamuimirira akamalowa, koma akafika mumsewu mwathu ndi Kabatani basi.

Chimene Achoko ankadziwika nacho chinali chimodzi: salakwitsa. Mukawapatsa nsalu, chovala chimatuluka ngati mwabadwa nacho. Koma manambala sankawasunga m'mutu. Ankati mutu si sutikesi. Munthu aliyense anali ndi malo ake m'mabuku awo, ndipo mabukuwo anali ochititsa chidwi, chifukwa bamboyu akagwira cholembera samadziwa polekezera. Madeti sankalemba. M'malo mwake ankalemba zimene zachitika tsikulo: “Chiuno chakwera pang'ono, wangokwatira kumene.” “Akuti mkono ukhale wautali, akubisa chipsera.” “Lero wabwera atakwiya, ndamuyeza kawiri poti munthu wokwiya amafufuma.” Pakati pa muyeso ndi muyeso pankakhala nkhani za mvula, za mpira, za galu wa Abutchala, moti tsamba la munthu mmodzi linkatalika kuposa nsalu yake.

Kenaka maso anayamba kuwathawa. Zinthu zikuluzikulu ankaziona, mzere wa choko pa nsalu ankauona, koma zilembo ndi bowo la singano zinasanduka utsi. Adokotala anati pakati pa diso pafooka ndipo magalasi sangathandize kwenikweni. Za singano ndinazitenga ine. Za kuyeza nsalu anazikonza okha: anatenga ndodo yawo yoyezera n'kuichekacheka ndi mpeni, inchi iliyonse ndi kamphako kake, kuti chala chiziwerenga m'malo mwa diso. Chimene chinatsala ndi mabuku aja. Ndinkawawerengera ndikakhala ndilibe munthu pampando, koma sindingasiye mutu wa munthu utametedwa mbali imodzi n'kumakafufuza chiuno cha wina.

Kabatani anabwera ndi maganizo ake. Kunyumba kwake kunali chipinda chopanda munthu, chokhala ndi windo lalikulu, ndipo anali atagula kale makatani. Ankafuna bambo ake atseke shopu akapume. Ndinali pomwepo akukangana, ulusi uli m'kamwa.

“Adadi, mwagwira ntchito mokwana. Mudikira mpaka mudzisoke chala?”

“Ndikadzisoka, msoko wake udzakhala wowongoka.”

“Ine sindikuseka.”

“Inenso sindikuseka. Kunyumba kwakoko ndizikatani? Kuwerenga makatani?”

Anakangana mpaka tiyi anazizira kawiri. Koma mwana wa telala sataya nsalu chifukwa choti yang'ambika pakona. Kabatani anatenga mabuku onse n'kupita nawo, ndipo kwa nthawi ndithu ankawakopera mu pulogalamu ina ya pafoni yolembamo zinthu, munthu aliyense tsamba lakelake, zakale pamwamba, zatsopano pansi, osasiyako ngakhale nkhani ya galu. Atamaliza anabwera ndi foni ndi kachokuzira mawu, n'kuziika pashelefu pakati pa mabotolo a mabatani. M'menemo anali ataikamo wothandizira uja wa nzeru zopanga, amene anthu akungoti AI, woti ukamuyankhula amayankha, ukamutuma amapita.

“Tamverani, adadi, inunso ankolo mumve,” anatero akundiyang'ana. “Pulogalamu yolemberayi ili ndi khomo, ndipo ili ndi kawindo kakuseri. Anthufe timalowera pakhomo n'kumaona masamba ndi maso. Mapulogalamu anzake amagogoda pa kawindoko, dzina lake timati API. Amaonetsa kiyi, n'kupempha tsamba, n'kupatsidwa. Uyu ndamupatsa kiyi wongowerengera. Sangalembe, sangafufute, ndipo masamba amene angatenge ndi a makasitomala okha. Inu mukangotchula munthu, iye athamangira kukawindo, atenga tsamba, akuuzani muyeso womaliza.”

“Ndiye kuti ndi wotumidwa amene salowa m'nyumba?” anafunsa Achoko.

“Eya.”

“Ameneyo ndiye wabwino. Sangandimwere tiyi.”

Anamutcha Mthenga pomwepo, ndipo anamupatsa lamulo limodzi: azinena manambala okha, nkhani za m'masambamo amazidziwa kale poti analemba ndi iwo. Koma Kabatani nayenso anali ndi lamulo lake, ndipo analinena atagwira chitseko, nkhope ili gwa. Chovala chimodzi chokha chikangobwezedwa kuti chalakwika, ndiye kuti manja atopa, shopu itsekedwa, bambo apita kuchipinda cha makatani. Achoko anavomera mosavuta, chifukwa chibadwire chovala chawo chinali chisanabwezedwepo. Ine ndinali mboni, ndipo ndinauza msewu wonse tsiku lomwelo, poti pakamwa pa wometa palibe zipi.

Masiku oyambawo kunali chisangalalo chokhachokha. Ndikumeta ndinkamva kudzera pakhoma: “Mthenga, tandipatsa wogulitsa mankhwala wa pa famase uja, mkono ndi kolala.” Kamphindi pang'ono, mawu aulemu n'kuyankha, kenaka sizasi n'kuyamba kulira. Achoko anayambiranso kuimba mluzu. Kasitomala watsopano akabwera, iwo ankatsina tepi ndi chikhadabo, mwini chiuno n'kuwerenga nambala, wina aliyense amene ali pafupi n'kuilemba pa tsamba lake mufoni. Namwino wina amene anali atangosamukira mumsewu mwathu anasoketsa diresi, n'kutuluka akuzungulirazungulira pakhonde kuti aliyense aone. Akalefe sitinkafunika kuyezedwanso. Miyeso yathu yaposachedwa inalimo kale, tinkangosiya nsalu n'kunena kuti, “Monga mwa nthawi zonse.”

Ndi mmene ndinachitira inenso. Ana anga anakonza zoti tikajambulitse chithunzi cha banja lonse, ndiye ndinasoketsa thalauza lotuwa. Ndinalitenga litasitidwa bwino, n'kukaliyesera kunyumba. Mwendo unalowa, unzake unalowa, koma litafika m'chiuno linakana ngati bulu. Ndinakoka mimba, ndinadumpha, ndinagona chagada pabedi, batani ndi bowo lake zikungoyang'anizana patali. Mayi a kunyumba anaima pakhomo akuseka mpaka kugwira felemu.

“Achoko alakwitsa?” ndinafunsa ndikupuma movutika.

“Achoko salakwitsa,” anatero. “Ndinakuuzani za shuga wa masupuni odzaza uja.”

Ndinawakhulupirira, ndipo zinandipweteka. Pachithunzipo ndinaima kumbuyo kwenikweni, malaya nditawatulutsa kunja, thalauza litagwidwa ndi lamba yekha. Mawa lake ndinachepetsa shuga n'kuyamba kuyenda wapansi m'mawa ndisanatsegule.

Koma mpando wa wometa ndi malo oululira. Munthu ukamufunditsa nsalu m'khosi n'kumuweramitsa mutu, zakukhosi zimatuluka zokha. Woyamba anali Abutchala, chimunthu cha mawu ngati ng'oma, amene tsiku limenelo anayankhula monong'ona. Anati malaya awo atsopano akuwafinya m'khwapa, mwina ndi matenda otupa thupi. Kenaka Mayi a Buledi, amene amabwera kudzametetsa mdzukulu wawo, anandikokera pambali n'kunditsina khutu kuti siketi yawo ikukana kutseka ndipo sakudziwa kuti thupi lachokera kuti. Anabwera wa pa famase, anabwera mphunzitsi wopuma ntchito, nkhani yake yomweyo. Ndinaima ndi makina ometera m'manja n'kuganiza kuti msewu wonse sungafufume mwezi umodzi ngati mabanzi a mu uvuni.

Tinakumana kuseri kwa bekale, pakati pa matumba a ufa. Palibe amene anafuna kuyamba. Mapeto ake Mayi a Buledi anangonena chimene tonse tinkachiopa: “Maso a Achoko aja afika m'manja.” Ine mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa mmene munthuyo amaimbira mluzu m'mawa. Wina anati tikakonzetse mobisa kwa telala wa kumsika, koma Abutchala anamudula. Kupititsa msoko wa Achoko kwa telala wina kunali ngati kukawaneneza kupolisi, komanso matelala amadziwana, nkhani ikanafika tsiku lomwelo.

“Ndiye titani?” anafunsa wa pa famase.

“Ngati chovala sichikubwera kwa ife, tipita ndife kwa chovala,” anatero Abutchala, akusisita mimba yawo ngati akutsanzikana nayo.

Pangano linatha pomwepo. Palibe wobweza kanthu, palibe wodandaula, aliyense akayesere kunyumba, ndipo tonse tichepe. Kuyambira pamenepo msewu wathu unasintha. M'mawa uliwonse mukanaona gulu la anthu akuluakulu likuyenda mothamanga kuzungulira bwalo la mpira, Abutchala patsogolo thukuta lili kamukamu, mphunzitsi pambuyo akuwerengera ngati ali pa pelete. Mayi a Buledi ankadandaula kuti mabanzi a shuga sakuyenda malonda, chonsecho woyamba kuwasiya anali iwo omwe. Kabatani akabwera kudzaona bambo ake tinkavala zatsopano zathu n'kumadutsadutsa pakhomo pa shopu, titakoka mimba, tikupereka moni wamfupimfupi poti mpweya woyankhulira unali wochepa. Iye ankangoti, “Koma msewu uno anthu mwayamba kutchena!” Sindinayambe ndasekapo ndi kuvutika nthawi imodzi ngati masiku amenewo.

Chinatiulula ndi batani. Masana ena Abutchala analowa mu shopu atavala malaya aja kuti akawasangalatse Achoko. Ine ndinali momwemo. Mwatsoka choko chinagwa kukhutu n'kugubuduzika pansi, ndipo Abutchala, mwaulemu wawo, anawerama kuti atole. Batani la pamimba linathothoka ngati chipolopolo, linamenya simbi kuti ngwee, n'kukagwera m'kapu ya tiyi. Abutchala anatsokomola kuti abise phokosolo, anaika choko patebulo n'kutuluka cham'mbali atafunda epuloni.

Achoko sanaseke. Anapisa zala m'kapu, anatulutsa batanilo, analipapasa n'kuliika patebulo.

“Ameta, tabwerani kuno.”

Ndinayandikira. Tsiku limenelo ndinali nditavala thalauza lotuwa lija, limene tsopano linkatseka ndikakoka mimba ndi mphamvu zanga zonse. Anandigwira m'chiuno ndi manja awiri, n'kuyesa kulowetsa chala pakati pa nsalu ndi thupi. Chala sichinalowe.

“Pumani,” anatero.

“Ndikupuma, akulu.”

“Ndati pumani.”

Ndinapuma, ndipo zipi inatsika yokha.

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anati anali atayamba kale kudabwa kuti anthu amene kale ankakonda kudzionera pagalasi lawo tsopano onse ali pa changu, onse akukayesera kunyumba, ndipo mawu awo akumveka ngati a munthu wonyamula katundu. Ndinayesa kunena za shuga, koma anakweza dzanja. “Nambala ndi nambala, Mthenga amangonena zimene ndinalemba. Ndiye wolakwa ndi ndani? Ndi chala ichi, chayamba kudumpha timaphako. Mwandikonda, ndathokoza, koma ine sindingamasoke zovala zoti anthu azivala mondimvera chisoni.” Anandipempha kuti ndimuimbire Kabatani abwere Loweruka ndi makatoni opakiramo katundu wa mu shopu. Ndinaimba.

Loweruka masana Kabatani anafika ndi galimoto yodzaza makatoni opinda. Amene ankafuna kuti shopu itsekedwe anali iye, koma nkhope yake sinali ya munthu wopambana. Msewu wonse unasonkhana pakhonde popanda woitana, aliyense ali ndi chifukwa chake chabodza. Achoko anali atameta, atavala jekete, choko chatsopano kukhutu. Anatulutsa pansi pa tebulo nsalu yachikasu imene anaisunga zaka zambiri, n'kuiyala.

“Usanapakire, ndisoke chomaliza,” anatero. “Chikhale chako. Chikathina, udzangochipachika.”

Kabatani anangogwedeza mutu, akuyang'ana kudenga kuti misozi isagwe.

“Mthenga, tandipatsa Kabatani. Chiuno, chifuwa, ndi kutalika kwa diresi.”

Panadutsa kamphindi kaja, kenaka mawu aulemu aja anayankha bwinobwino, aliyense akumva: “Chiuno 21, chifuwa 23, kutalika kwa diresi 24.”

Tonse tinamuyang'ana Kabatani, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chiuno chimenecho mwina ndi cha mwendo wake umodzi. Mayi a Buledi anayesa kudzigwira, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno, ndipo pakhonde ponse panaphulika chikhakhali. Achoko okha ndi amene sanaseke. Anapendeketsa mutu ngati mmene amachitira akamamvetsera makina amene ayamba kudumpha ulusi.

“Mthenga, lamulo lija la manambala okha taliika kaye pambali. Tandiwerengera mzere womaliza umene ukuuona pa tsamba limenelo.”

“Mzere womaliza ukuti: ‘Dzino lakutsogolo laguluka. Akufuna matumba awiri osungamo miyala.’ Zimene ndalandira zathera pamenepo.”

Kabatani anagwira pakamwa. Anathamangira kugalimoto, anabwera ndi kompyuta yake ya m'manja, n'kuitsegula pamwamba pa nsalu yachikasu ija. Zala zinkathamanga, maso ali tong'o. Kenaka anadzimenya pachipumi.

“Mayo ine! Adadi, si inu. Ndine.”

Anatifotokozera akuseka uku akulira. Kawindo kaja sikapereka tsamba lalitali lonse nthawi imodzi. Kamapereka chigawo choyamba, ndipo kumapeto kwake kamamata kachizindikiro konena kuti zilipo zina, ukazifuna ubwerenso ndi nambala iyi. Kapulogalamu kamene iye analemba kolumikiza Mthenga ndi kawindoko kankatenga chigawo choyamba chokha, kachizindikiro kaja n'kukataya, moti Mthenga sankadziwa n'komwe kuti tsamba likupitirira. Ankawerenga mpaka pamene zathera, n'kunena muyeso womaliza umene wauona. Poyesa, Kabatani anayesera masamba aafupi, ndipo zonse zinayenda bwino. N'chifukwa chake namwino watsopano uja diresi linamukwana, pamene akalefe, amene masamba athu anadzaza ndi nkhani za mvula ndi galu, tinkasokeredwa matupi amene tinali nawo kalekale. Amene anakhala wokhulupirika kwa Achoko nthawi yaitali ndi amene anafinyidwa kwambiri.

“Safunsa anadya phula,” anatero mphunzitsi wopuma uja, amene sangaone mpata wa mwambi n'kuusiya.

“Ndipo madeti mukanalemba, adadi, Mthenga akanadabwa yekha!” anatero Kabatani.

“Dzino kuguluka si deti?” anayankha Achoko.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi yoti tiyi azizire. Kabatani anangowonjezera mizere ingapo youza Mthenga kuti akaona kachizindikiroko azibwereranso kukawindo mpaka atauzidwa kuti zatha. Atamutumanso, Mthenga anachedwerapo pang'ono, poti ulendo uno anapita n'kubwera kangapo, kenaka anayamba: “Chiuno…”

“Basi, basi!” anakuwa Kabatani akutseka kachokuzira mawu ndi dzanja. “Imeneyo akuuzani anthu akachoka.”

Koma Achoko anali asanakhutire. Anandilamula kuti ndipite kuseri kwa katani ndikavule thalauza lotuwa lija, ndipo ndinawapatsira pamwamba, ine n'kutsala nditakulunga nsalu ya munthu wina. Anapempha Kabatani awerenge muyeso wakale umene Mthenga ankauona pa tsamba langa. Unali wa tsiku limene ndinagula mpando wozungulira, ana anga akadali ku pulayimale. Anayala thalauzalo patebulo, anaika ndodo yawo, chala chikuyenda pa timaphako, milomo ikuwerenga chamumtima.  Chala chinaima pamene msoko unathera.

“Ndendende,” anatero chapansipansi. Anayezanso, n'kubwereza mokweza, “Ndendende! Ngakhale ulusi umodzi sunapitirire!”

Ndinasuzumira pa katani ndipo ndinaona misozi ikutsika pa nkhope yawo, pakamwa pali mwee. Abutchala anakuwa ngati timu yawo yagoletsa, anapuma mpweya wonse umene anausunga kwa nthawi yaitali, ndipo batani lachiwiri linanyamuka. Ulendo uno aliyense anaseka momasuka, mimba zili panja.

Achoko atapukuta maso anatembenukira kwa mwana wawo. “Pangano ndi pangano. Tinati chovala chikalakwika, wolakwitsa atseke ntchito yake. Ndiye katseke ofesi yako, ubwere uzikhala kwa ine. Pansi pa tebulo pako pakadali malo.”

Kabatani anawakumbatira mpaka choko chinagwa, ndipo palibe amene anayerekeza kuwerama kuti atole.

Makatoni aja sanabwerere opanda ntchito. Tinawazungulitsa mumsewu kutolera zovala zothina, ndipo anadzaza. Mwamwayi Achoko amasiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko uliwonse, amati n'kusiyira mawa, choncho zambiri anangozimasula. Vuto linali lakuti ena tinali titachepadi. Thalauza langa atalikulitsa kufika pa muyeso weniweni linayamba kugwa, n'kuchita kulibwezanso pakati. Mayi a Buledi siketi yawo anakana kuti ikhudzidwe, akuti anaivutikira. Tonse tinayezedwa mwatsopano, ndipo Achoko analamula kuti pa tsamba la aliyense palembedwe kuti, “Chaka chimene anandinamiza.” Gulu loyenda m'mawa lija silinathe, likadalipo, kungoti masiku ano limathera pa bekale.

Nsalu yachikasu ija anaidula sabata yotsatira. Diresi la Kabatani linatuluka lomukwana ngati wabadwa nalo. Koma m'mawa wina Achoko anandipatsa singano yowonjezera kuti ndilowetse ulusi wopyapyala, ndipo ndinaona kuti pa zotsala za nsaluyo ajambulapo kanthu kakang'ono ndi choko. 

Kabatani atabwera kudzatenga diresi lake, anamupatsa mapaketi awiri. M'paketi yachiwiriyo munali kadiresi kachikasu, chiuno 21, kokhala ndi matumba awiri kutsogolo.

“Aka n'ka ndani, adadi?”

“Ka munthu amene Mthenga anakamupeza kukawindo kuja. Ndinali nditamusowa.”

Kabatani anakanyamula m'mwamba, n'kupisa zala ziwiri m'kathumba kamodzi, poti dzanja lonse silikanalowa. Anatulutsamo kamwala kosalala. M'thumba linalo munalinso kena. Anakhala pa mpando wa makasitomala atafumbata timiyalato, ndipo analira osabisa, bambo ake akumusisita pamutu ndi dzanja loyera choko. Ine ndinayang'ana mabotolo a mabatani ngati ndikuwaona koyamba.

Potuluka anaima pakhomo pomwe anaperekera lamulo lake lija, anapukuta m'maso n'kundiyang'ana.

“Ankolo, mawa musachedwe. Adadi ali ndi ntchito yambiri.”

Mawa lake ndinafika magetsi a mumsewu asanazime. Ndinawapeza ali kale pa makina, singano zili pa kapilo, akuimba mluzu.

“Mwachedwa, Ameta,” anatero.